Mpopi Wakuseri

MUTU 6

1. Makina atsopano

Pa Mponela, kuseri kwa mashopu oyang'ana msewu waukulu, panali nyumba yaitali yamalata imene anthu ankangoitchula kuti kwa mayi Khadijah. Anali malo ochapira zovala. Maloji a pa Mponela pomwepo, a ku Dowa ndi a ku Ntchisi ankatumiza kumeneko nsalu zoyala pabedi, mataulo ndi mabulangete. Okongoletsa maukwati nawonso ankabweretsa nsalu zawo.

Rebeka Malizani anali atagwira ntchito pamalopo zaka ziwiri. Anachokera kwa Dzoole atangolemba mayeso a Folomu 4, amene sanamuyendere bwino kwenikweni. Ntchito yake inali kusankha zovala, kupisa m'matumba ndi kusita. Pa kusita, tinene zoona, panalibe womposa. Kolala ya shati ikadutsa m'manja mwake inkaima njo mpaka mwini wake ankachita kuyenda monyada.

Koma mtima wake sunali pa simbi. Unali pa makina.

Chaka chimenecho mayi Khadijah anagula makina aakulu ochapira, otalika kuposa munthu, a chitseko chagalasi ndi mabatani ambirimbiri. A Langton, amene ankayendetsa makina akale kuyambira pamene malowo anatsegulidwa, anali atayamba kudandaula maso. Timalemba ta pa makina atsopanowo sankationa bwino. Choncho anapempha kuti azingoyendetsa galimoto yoperekera katundu, ndipo makinawo apatsidwe wachinyamata.

Rebeka sanakayike n'komwe kuti wachinyamatayo ndi ndani. Anali atayamba kale kuyeserera kaimidwe kake kutsogolo kwa makinawo, dzanja limodzi m'chiuno. Anawauzanso mayi ake pafoni kuti zinthu zatsala pang'ono kusintha.

Zinasinthadi, koma makinawo anapatsidwa Deborah.

2. Mlendo wa miyezi iwiri

Deborah anali msuweni wake wa Rebeka, mwana wa amalume ake a ku Bowe. Chimene chinkamuwawa kwambiri Rebeka n'choti ndiye anamubweretsa. Anachita kumupemphera ntchito kwa mayi Khadijah, namupatsa theka la kachipinda kake ndi theka la mphasa. Tsiku loyamba, Deborah sankadziwa ngakhale kupinda nsalu ya pabedi anthu awiri.

Koma mtsikanayo anali ndi mutu. Buku la makina, lolembedwa m'Chingerezi chouma, analitenga n'kumaliwerenga pa nthawi yopuma anzake akudya mbatata. Pofika sabata yachitatu anali akuwafotokozera a Langton kuti batani ili ndi la mabulangete, ili ndi la nsalu zoyera, ili ndi lokamulira madzi. Mayi Khadijah anangomvetsera ali pakhomo, ndipo m'mawa mwake anamupatsa jekete yabuluu ya woyendetsa makina. Anamuuza kuti akumuyesa kaye miyezi itatu.

Tsiku lomupatsa makinawo, a Langton anamuimika patsogolo pa onse n'kumulangiza.

"Mwana wanga, makina awa alibe maso," anatero. "Chimene wawapatsa, amalandira. Ukawapatsa cholembera chimene chatsala m'thumba, achapa ndi inki. Ukawadzaza mopitirira, avina mpaka achoke pamalo pake. Ukaika nsalu yofiira imodzi pakati pa zoyera, zonse zituluka ngati maluwa, ndipo makina sadzapita kukapepesa kwa mwini nsalu, udzapita ndiwe. Ndiye ukatseka chitseko n'kudina batani, usachoke. Ima pomwepo mpaka madzi oyamba alowe, uwaone ndi maso ako pagalasi. Kaya foni ikulira, kaya wina akukuitana, ima. Ine ndaima choncho zaka khumi ndi ziwiri, ndipo miyendo yanga sinathyoke."

Deborah anavomera mwaulemu. Rebeka anali pambali akusita, ndipo m'mawa umenewo anatsala pang'ono kuwotcha pilo wa eni ake.

Kuyambira tsikulo chilichonse cha Deborah chinayamba kumunyansa. Kaseko kake, kayendedwe kake, ngakhale m'mene ankapachikira jekete ija pamsomali. Makasitomala akafunsa kuti woyendetsa makina ali kuti, Rebeka ankaloza ndi mlomo osatukula mutu. Deborah, osadziwa kanthu, ankabwerabe masana n'kumugawira chinangwa chake. Rebeka ankalandira, chifukwa nsanje siinamuchotsere njala, koma ankadya osathokoza.

3. Mawu a Manesi

A Manesi, mayi wachikulire amene ankasita pa tebulo loyandikana ndi la Rebeka, anaziona zonsezi. Tsiku lina, Deborah atatuluka kukayanika mabulangete, anaimika simbi yawo.

"Rebeka, simbi ukuimenyetsa pa tebulo choncho yakulakwira chiyani?"

Rebeka anayankha kuti palibe chimene chavuta, wangotopa.

"Kutopa ndimakudziwa, sikuoneka choncho," anatero a Manesi. "Tamvera ndikuuze. Ndili mtsikana ndinkagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti ina kuno ku Dowa konkuno. Ndinali ndi mnzanga, Peggy, tinkadyera mbale imodzi. Anamusankha kukhala kapitawo wa amayi, ine ayi, chonsecho ndinamuphunzitsa ntchitoyo ndine. Sindinamutukwane, sindinamumenye. Ndinangosiya kumuuza zinthu. Ndikaona kuti walakwitsa, ndinkangoyang'ana kumbali n'kumati azione yekha, si kapitawo? Tsiku lina anasakaniza fodya wonyowa ndi wouma ine ndikuona, mabelo anaola, anamuchotsa. Ukuganiza kuti anandipatsa ine ukapitawowo? Anabweretsa munthu wina wochokera ku Kasungu, wolusa ngati chiyani. Peggy mpaka lero tikakumana pamaliro amandipatsa moni bwinobwino, sadziwa. Ine ndi amene ndimasowa poyang'ana. Zaka makumi atatu zapita, mwana wanga, ndipo ndimasowabe poyang'ana. Ndiye ngati zikukuwawa, pita kwa mayi Khadijah ukawafunse kuti uphunzire chiyani kuti nawenso udzafike pa makina. Kufunsa kumachititsa manyazi tsiku limodzi lokha."

Rebeka anayankha kuti wamva. Anamvadi ndi makutu, koma mumtima ankangoti a Manesi ndi okalamba, zawo za fodya sizikugwirizana ndi za makina.

4. Madzi abwera

Sabata yotsatira madzi anasiya kutuluka m'mipopi kwa masiku atatu. Anthu ankati paipi yaikulu yaphulika kwinakwake kumtunda. Kwa mayi Khadijah katundu anaunjikana mpaka pakhomo. Pamwamba pa zonse panali nsalu zoyera za patebulo za mayi Faines, okongoletsa maukwati, amene anali ndi ukwati waukulu Loweruka. Ankaimba foni m'mawa ndi masana, ndipo mawu awo ankamveka ngakhale kwa munthu amene sanagwire foniyo.

Tsono pamalopo panali kachitidwe kamene aliyense wokhalitsa ankakadziwa. Madzi akasowa masiku angapo, oyamba kubwera amakhala ofiira ndi dzimbiri ndi matope a m'mapaipi. Ndiye ankasiya mpopi wakuseri kwa nyumbayo uli wotsegula, pansi pake ataikapo beseni loyera. Madzi akabwera ankayamba atayika kaye pamenepo, ndipo palibe amene ankayatsa makina mpaka pansi pa beseni pataoneka mbee. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse. Deborah sankazidziwa, chifukwa chibwerereni madzi anali asanasowepo nthawi yaitali chonchi.

Lachisanu m'mawa a Langton ananyamuka molawirira kukasiya katundu ku Ntchisi. A Manesi anapita kaye kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Mayi Khadijah anali ku banki. Pamalopo panatsala atsikana awiriwo.

Cha m'ma 8 koloko Rebeka anamva mapaipi akutsokomola. Anazungulira kuseri. Madzi anali akutuluka mwamphamvu, ofiira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo beseni linali litasefukira kale.

Anaima n'kumawayang'ana. M'katimo ankamva Deborah akuimba nyimbo ya kwaya uku akulongedza nsalu za mayi Faines m'makina, kukonzekera. Kuimbako ndiko kunamupsetsa mtima. Munthu wa miyezi iwiri, kumaimba pa makina ngati anabadwira pomwepo.

Rebeka anatseka mpopi. Anataya madzi a m'beseni mu ngalande, n'kuligadabuza, n'kulitsamiritsa kukhoma. Kenako anapukuta manja ake bwinobwino n'kulowa.

"Ndamva ngati mapaipi akulira," anatero Deborah. "Madzi abwera?"

"Abwera."

Deborah anadumpha ndi chimwemwe. Anathira sopo ndi jiki m'malo mwake monga buku linkanenera, anasankha madzi otentha a nsalu zoyera, natseka chitseko n'kudina batani. Nthawi yomweyo kutsogolo kunamveka odi. Anali mnyamata wa ku loji ina, atasenza mtolo wa mataulo.

Kulandira makasitomala m'mawa umenewo inali ntchito ya Rebeka. Iye anangoweramira simbi yake ngati sanamve. Odi anamvekanso kachiwiri, kachitatu. Deborah anayang'ana makina, anayang'ana msuweni wake, kenako anathamangira kutsogolo.

Mataulo anali ambiri, ndipo anafunika kuwawerenga limodzilimodzi. Pamene Deborah ankabwerera, panali patapita mphindi makumi awiri. Pagalasi la makina pankagubuduzika thovu lofiirira. Anakuwa, n'kumenya batani lofiira loimitsira makina.

5. Nsalu za eni

Mayi Khadijah anafika nsaluzo zili pa tebulo. Sizinalinso zoyera. Zinali zachikasu chofiirira, zamathothomathotho ngati zachapidwa pachithaphwi. A Manesi, amene anali atangofika kumene, anatenga imodzi n'kuyesa kuitikita ndi sopo, koma anapukusa mutu. Anati matope okha akanachoka, koma dzimbiri likakumana ndi jiki m'madzi otentha limakakamira kwambiri. Mwina mandimu ndi dzuwa zingathandize pang'ono, koma osati pofika mawa.

Mayi Khadijah sanali munthu wokalipa mokweza. Akakwiya mawu awo ankatsika, ndipo antchito ankaopa kwambiri kutsikako. Anamufunsa Deborah ngati anayang'ana beseni asanayatse makina. Deborah anafunsa kuti beseni liti. Mayiwo anasuzumira kuseri, ndipo ataona mpopi uli wotseka anapumira m'mwamba n'kunena kuti ndiye kuti a Langton, pothamangira ulendo, anaiwala kutsegula mpopi. Kenako anamufunsa ngati anaima pa makina madzi akulowa.

Deborah anaweramitsa mutu. "Ayi, mayi. Ndinapita kukalandira mataulo."

Sananene kuti inali ntchito ya Rebeka. Rebeka anadikira kuti anene, koma sananene.

"Deborah, ndimvere bwino," anatero mayi Khadijah. "Zovala zimene zimalowa pakhomo ili si zathu. Munthu akatisiyira nsalu yake amapita kwawo osadandaula, chifukwa amadziwa kuti pano pali maso. Mayi Faines akhala akubwera kuno zaka zisanu. Mawa kuli ukwati wa mwana wa munthu, makolo akonzekera chaka chathunthu, alendo achokera kutali. Ine ndikawauza chiyani? Kuti mtsikana wanga amadziwa Chingerezi cha m'buku? A Langton anakuuza chinthu chimodzi chosafuna sukulu, kuti ima uone madzi. Ukanaima mphindi imodzi yokha, bwenzi utaimitsa makina jiki asanalowe. Sindikukuda, ndiwe mwana wanzeru. Koma ndinafulumira kukupatsa udindo, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Vula jeketeyo. Mwezi ukatha ubwerere kaye kumudzi, ndidzakuitana ndikadzaona kuti pali malo."

Deborah anavula jekete ija misozi ikutsika. Aliyense pamalopo ankadziwa kuti mawu akuti ndidzakuitana nthawi zambiri amathera pomwepo.

Asanatuluke kukaimbira foni mayi Faines, mayi Khadijah anatembenukira kwa Rebeka.

"Iwe wakhalitsa pano. Sunaone kanthu m'mawawu?"

Deborah ndiye anayamba kuyankha. Anapempha kuti asamukwiyire Rebeka chifukwa choti ndiye anamubweretsa. Anati Rebeka anali wotanganidwa ndi kusita, sanadziwe chilichonse.

"Ndikufunsa iyeyo," anatero mayi Khadijah.

Rebeka anamva maso a Manesi ali pa iye. Khomo lonenera zoona linali lidakali lotsegula, ndipo iye ankaliona bwinobwino.

"Sindinaone kanthu, mayi."

Mayi Khadijah anatola jekete ija n'kumupatsa Rebeka. Anati makina sangagone, katundu wa masiku atatu akudikira. Deborah amuphunzitse mabatani lero lomwe.

6. Jekete yabuluu

Rebeka anali ataganizira za jekete imeneyi kwa miyezi iwiri. Ataivala anapeza kuti ndi yotentha, yothina m'khwapa, ndipo inkamveka mafuta odzola a Deborah. Panalibe amene anamuyang'ana mosirira. A Manesi anali atakhala pampando akufinya mandimu m'ndowa.

Masana onse Deborah anamuphunzitsa. Anapukuta misozi, anatenga buku lija ndi kope lake m'mene anamasuliramo zonse m'Chichewa, n'kuyamba kuchokera pachiyambi. Anamuonetsa m'mene angayezere katundu pasikelo asanamulowetse. Anamuonetsa kuti mabulangete amafunika kuwamwaza bwino m'kati kuti makina asamagwedezeke pokamula. Rebeka akasokoneza mabatani, Deborah sankaseka. Ankangobwereza modekha.

Izi ndi zimene zinamupweteka Rebeka kuposa china chilichonse. Akanakonda Deborah akanamunyoza kapena kumubisira zina, kuti apeze pomudera. Koma mtsikanayo anamupatsa ndi kope lomwe. Anati kuli bwino makinawo atsale m'manja mwa wachibale kusiyana ndi munthu wachilendo. Anangopempha chimodzi, kuti Rebeka asawauze kaye amalume, adzawauza yekha akakafika ku Bowe.

Cha m'ma 4 koloko galimoto ya a Langton inalowa pabwalo, yofiira ndi fumbi la m'mapiri a ku Ntchisi. Mkuluyo anatsika akuwongola msana. Ataona nsalu zili pachingwe, anaima chilili. Mayi Khadijah anatuluka mu ofesi n'kuwafotokozera zonse mwachidule, ndipo pomaliza anawadandaulira kuti munthu wamkulu ngati iwo angaiwale bwanji kutsegula mpopi.

A Langton anazungulira kuseri kwa nyumba. Atsikana awiriwo anali pa makina, Deborah atagwira dzanja la Rebeka kumuonetsa m'mene angakankhire chogwirira cha chitseko kuti chitsekeke bwino.

Patapita kanthawi a Langton analowa atanyamula beseni loyera lija. Analiika pa tebulo losita pang'onopang'ono.

"Mayi, maso anga ndi amene akalamba, mutu ayi," anatero. "Mpopi ndinautsegula ndekha m'mawa ndisanakwere galimoto, ndipo beseni ili ndinaliika pansi pake. Ndalipeza lili chogadabuza kukhoma, matope ofiira adakali m'mphepete. Mu ngalande namonso muli matope. Madzi anabwera, anadzaza beseni, wina anawaona, anawataya, n'kutseka mpopi. Ndikufuna ndidziwe kuti ndi ndani."

A Manesi anasiya kufinya mandimu. Mayi Khadijah sanafunse kuti m'mawawo panali ndani, chifukwa ankadziwa kale kuti panali anthu awiri okha, ndipo mmodzi mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti kuseri kuli beseni.

Deborah anachedwa kumvetsa. Anayang'ana a Langton, anayang'ana beseni, kenako anayang'ana msuweni wake kumaso. Rebeka anamva dzanja limene linamugwira lija likumasuka chala chimodzichimodzi mpaka linachoka.

"Rebeka," anatero Deborah motsitsa mawu, "paja ndinakufunsa za madzi."

Mayi Khadijah anatsegula chitseko cha ofesi n'kuima pambali.

"Lowa, Rebeka. Jeketeyo uisiye panja."